Wosamva Kuwawa Akatani ku Chipatala?

Mwezi wathawu ndidaika maliro a bambo wina wa ku Ndirande, mmisiri wa matabwa, munthu wa zaka zosakwana 50. Adagwa m'mawa ali pa ntchito yake, sowo ili m'manja. Pamene anzake adafika naye ku Gulupu, mkono ndi mwendo wa kumanja zinali zitafa kale, pakamwa patapotoka, ndipo patapita masiku awiri adatsirizika osanenanso kanthu. Pa maliropo anthu onse adalankhula chimodzimodzi: "Dzana lomweli tinali naye, wamphamvu, akuseka." Tsono inu owerenga mudziwa bwino kuti kwathu kuno anthu akati munthu wafa ali wamphamvu, pamatsatira mawu ena onong'ona, ndipo maso amayamba kutembenukira kwa mnansi amene adakangana naye za malire a puloti.

Itatha sabata, mayi wamasiye adadza kudzaperekera Misa mwamuna wake, nandionetsa kabuku ka kuchipatala kamene adakapeza m'thumba la jekete ya malemuyo. Pa tsamba lina, lolembedwa zaka 3 zapitazo, panali manambala awa: 180/110. Pansi pake panali dzina la mankhwala ndi tsiku lobwererako. Masamba otsatira onse anali oyera. Mayiyo adakumbukira kuti bamboyo adamwa mankhwalawo mwezi umodzi, naona kuti palibe pomwe pakumuwawa, nati sangataye tsiku la ntchito ataima pa mzere ngati munthu wodwala. Kenaka adandifunsa funso limene sindidathe kuliyankha msanga: "Abambo, kodi amuna anga adachimwa?"

Funso limeneli ndilo ndifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi. Mlandu wa malemuyo tiusiye kwa Mwini moyo amene aona za mumtima. Tidzifunse ife amoyo. Kodi munthu amene sakumva kuwawa ali ndi udindo wokapimitsa thupi lake? Ndipo akalowa m'chipinda cha dokotala, kodi kubisa zina kumene ambirife timabisa ndi manyazi chabe, kapena kuli ndi dzina lina lolemera?

Tonse tidaphunzira pa katekisimu kuti lamulo lachisanu liletsa kupha, ndi kuti pa kuletsa kupha lilamulanso kusamala moyo, wa mnzathu ndi wathu womwe. Akatswiri a za chikhalidwe mu Eklezia akhala akufunsa kuyambira kale kuti kusamala kumeneku kulekeza pati. Francisco de Vitoria, wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera amene adaphunzitsa ku Salamanca namwalira mu 1546, adaphunzitsa kuti wodwala ayenera kudya ngati pali chiyembekezo choti chakudya chimsunga moyo, koma sakakamizidwa kutaya chuma chake chonse pofunafuna zodula zimene anthu wamba sazipeza. Pa 24 Novembala 1957 Papa Pio XII, polankhula kwa madokotala ogoneka anthu tulo pa opaleshoni, adabwereza chiphunzitso chomwecho: munthu ali ndi udindo wogwiritsa ntchito njira za masiku onse zosungira moyo, zimene sizimsenzetsa iye kapena abale ake mtolo wopitirira muyeso, ndipo njirazo ziyesedwa poona munthuyo, dziko lake ndi nthawi yake.

Mawu akuti "nthawi yake" ndiwo atikhudza. Pamene chipatala cha Gulupu chidatsegulidwa mu 1958, kupimitsa magazi kwa munthu wa kumudzi wosadwala kukadakhala chinthu chachilendo ndi chovuta, ndipo palibe akadamuimba mlandu wakuti sadapite. Lero pali chipatala cha boma ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ndi cha South Lunzu kwa a ku Machinjiri. Kumanga lamba pa mkono ndi kuwerenga manambala kutenga mphindi zochepa, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Chimene chinali chapatali kwa agogo athu chasanduka cha masiku onse kwa ife, ndipo udindo wakula pamodzi ndi mwayiwo.

Wina adzati: "Zoonadi, wodwala apite. Koma ine sindikudwala. Ndikudya bwino, ndikugona bwino, ndikusenza thumba la simenti ndekha." Apa ndipo pagona nkhani yonse. Ife tidazolowera matenda amene amadzilengeza okha. Malungo afika ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera. Kolera nayenso sachedwa kudziulula. Chifukwa chake m'maganizo mwathu kudwala ndi kumva kuwawa zili chinthu chimodzi. Komatu alipo matenda ena amene amadya munthu monga chiswe chidya mtanda wa denga: kunja mtengo uoneka wathunthu mpaka tsiku limene denga ligwa.

Kuthamanga kwa magazi ndi kotero. Mtima umapopa magazi kupyola m'mitsempha, ndipo magaziwo amakankha makoma a mitsemphayo. Manambala awiri amene anamwino amalemba ndi mphamvu ya kukankhako, yoyamba pamene mtima ukufinya, yachiwiri pamene ukupumula. Akakhala 140/90 kapena kupitirira, ndipo akapezeka choncho pa masiku osiyana, munthuyo ali ndi nthendayi ngakhale asamve kanthu. Chaka ndi chaka mitsempha imauma ndi kufooka, mtima umakula chifukwa cholimbana ndi ntchito yoposa, impso zimaonongeka. Tsiku lina kamtsempha ka mu ubongo kaphulika kapena katsekeka, ndipo anthu ati wagwa mwadzidzidzi. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi bungwe la WHO, udapima anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, nupeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi nthendayi, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowo sanali kudziwa kapena sanali pa mankhwala. Werengani anthu amene mukhala nawo pa benchi limodzi Lamulungu likudzali, muchite masamu nokha. Nthenda ya shuga nayonso ikhoza kukhala zaka m'thupi ludzu losatha, kukodza kawirikawiri, kuonda ndi zilonda zosapola zisanaoneke, chonsecho kadontho kamodzi ka magazi a pa chala kangathe kuiulula.

Koma ndifuna kukhalitsa pa nthenda ya amayi, pakuti ndiyo yandiyendetsa kwambiri m'mawodi ndi mafuta a odwala. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ipha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse m'Malawi, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene nthendayi yachuluka koposa pa dziko lonse lapansi. Iyamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana m'banja, ndipo n'kofala kwambiri kotero kuti anthu ochuluka amakatengako nthawi ina pa moyo wawo. Mwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Mwa ena kamakhalitsa, nikayamba kusintha khungu la pa khomo la chiberekero pang'onopang'ono. Kuchokera pamenepo kufika pa khansa yeniyeni papita zaka 15 kapena 20, koma kwa mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chidafooka zingakhale zaka 5 mpaka 10 chabe. Ndipo mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo choposa mnzake kasanu ndi kamodzi. Zaka zonsezi mayiyo samva kanthu. Pamene ayamba kutaya magazi pa nthawi yosayenera, kapena atasiya kale kupita kumwezi, kapena kutuluka madzi a fungo, kawirikawiri nthendayo imakhala itazika kale mizu.

Taonani tsono kuphweka kwake kwa kupima. Namwino amapaka pa khomo la chiberekero vinyo wosasa uja timathira m'zakudya, nadikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kusintha amayera. Akapezeka aang'ono, amawatentha kapena kuwaziziritsa ndi kachipangizo, kawirikawiri tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake. Boma lidayamba ntchito imeneyi m'dziko lonse mu 2004, ndipo aitanidwa makamaka ndi amayi a zaka 25 mpaka 49. Mu 2018 a bungwe la Médecins Sans Frontières adayamba kuthandiza pa nthendayi kuno ku Blantyre, ndipo mu Januwale 2019 boma lidayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Nditaona mayi wa ana 5 akumwalira ndi ululu umene sindifuna kuufotokoza pa tsamba lino, ndipo ndikudziwa kuti zaka 10 m'mbuyomo mphindi imodzi ndi vinyo wosasa zikadatha kumpulumutsa, sindingathenso kunena kuti kupimitsa ndi nkhani ya amene afuna.

Wina adzatinso: "Moyo uli m'manja mwa Mulungu. Tsiku langa likakwana, lakwana, kupimitsa n'kusakhulupirira." Mawu amenewa amveka ngati a munthu wopembedza, koma tiwayese pa zinthu zina. Amene amanena chonchoyu amakwera pa denga mu Okutobala kukamata malata mvula isanadze. Amathira mankhwala m'matumba a chimanga anankafumbwe asanalowe. Amakhoma chitseko usiku. Sindidamvepo wina akuti kukhoma chitseko n'kusakhulupirira Mulungu. Tomasi Woyera wa ku Aquino adaphunzitsa kuti mbali yaikulu ya nzeru yochenjera ndiyo kuoneratu za kutsogolo ndi kukonzeratu zofunika, ndi kuti pochita zimenezi munthu atengako mbali pa chisamaliro chimene Mulungu asamalira nacho zolengedwa. Yosefe ku Ejipito sadayembekeze njala kuti ayambe kumanga nkhokwe. Munthu amene asiya chithandizo chimene chili pafupi, nayembekeza kuti chozizwitsa chidzagwira ntchito imene iye mwini waikana, akuyesa Mulungu, ndipo kuyesa Mulungu katekisimu sakuwerengera pa ubwino wa chikhulupiriro. Ndinene pano mosapsatira kuti aliyense amene auza wodwala kuti ataye mankhwala ake chifukwa wamupempherera, kaya avale mkanjo wotani, adzayankha mlandu wa moyo umenewo.

Chokana chachitatu ndicho ndichilemekeza koposa, chifukwa amene amachinena sanama: "Abambo, ndikuopa. Kuli bwino ndisadziwe. Akandiuza kuti ndili nayo, ndidzafa ndi maganizo nthenda isanandiphe." Mantha amenewa ndiwadziwa. Pa zaka zimene Edzi idatha anthu m'makomboni athu, mankhwala aulere otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mu 2004, kudziwa kunali ngati kulandira chigamulo cha imfa, ndipo mbadwo wonse udaphunzira kuti chipinda choyezera ndi malo othawa. Phunzirolo lidatsalira m'mitima ngakhale zinthu zidasintha. Lero munthu amene apezeka ndi HIV msanga, namwa mankhwala ake mokhulupirika, akhoza kukalamba ndi kuona zidzukulu.

Ku seminale tidaphunzira kusiyanitsa umbuli wa mitundu iwiri. Ulipo umbuli umene munthu sangathe kuuchotsa ngakhale atayesetsa; umenewo suchimwitsa. Ulipo wina umene munthu amausunga dala, natseka maso kuti choona chisamkakamize kusintha kanthu. Umenewo sumchotsera mlandu. Mantha amachepetsa kulakwa, inde, pakuti munthu wogwidwa ndi mantha sasankha ndi ufulu wonse. Koma sasandutsa kusadziwa kukhala chinthu chabwino, makamaka pamene kusadziwa kwako kulipiridwa ndi ena. Bambo wokana kuyezetsa magazi aika pa ngozi mkazi wake ndi mwana amene ali m'mimba. Wotsokomola masabata awiri ndi kupitirira, osapereka makhololo kuti akapimidwe, amagona m'chipinda chimodzi ndi ana ake ku Bangwe, mazenera ali otseka, chonsecho chifuwa chachikulu chimachizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6. Thupi n'lako, koma mpweya umene utulutsa apuma ndi ena.

Pali chinthu chimodzi chimene chidachitika m'makomboni athu omwe chimene chidandiphunzitsa kuti mantha a anthu si onse ali pa nthenda. Mu 2010 akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust, pakati pawo Augustine Choko, adayesa kuno ku Blantyre kupatsa anthu kachipangizo kodziyezera okha HIV podzipaka m'nkhama. Kuyambira 2012 mpaka 2014 ntchitoyi idafalikira ku Ndirande, ku Likhubula ndi ku Chilomoni, ndipo pafupifupi anthu akuluakulu 3 mwa 4 alionse adadziyeza, amuna ndi achinyamata omwe, amene ankati sabwera ku chipatala. Mu 2016 bungwe la WHO lidavomereza njirayi kwa maiko onse. Anthu omwewo amene ankaoneka ngati safuna kudziwa adafuna kudziwa ndithu atangochotsedwa pamaso pa anzawo. Ankaopa diso la mnansi pa benchi ndi pakamwa pa mayi wa pa mjigo. Ngati zili choncho, ndiye kuti gawo lina la mlandu wa amene sapimitsa lili pa ife amene timajeda.

Za umphawi sindidzachulukitsa mawu, pakuti aliyense awadziwa. Wogulitsa tomato mu msika wa Ndirande akataya m'mawa umodzi pa mzere, ana agona ndi njala. Ndipo zimachitika kuti munthu adikira maola, napimidwa, nauzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Palibe akakamizidwa kuchita zosatheka, ndipo mlandu wa mankhwala osowa uli pa amene adalandira udindo wowasunga. Komabe tidzifunse moona mtima. Pa maliro a mmisiri uja, amisiri anzake onse adatseka mashedi awo masiku awiri, nasonkha ndalama za bokosi, za galimoto ndi za ufa. Nthawi ya maliro timaipeza nthawi zonse.

Tifike tsono m'chipinda cha dokotala, pakuti kungofika ku chipatala sikukwanira. Wansembe aliyense adziwa munthu amene amadza ku kulapa, natchula tizolakwa tating'ono 7, nasiya chachikulu chimene chidam'dzutsa m'mawa. Sindikuti dokotala ndi wansembe, kapena kuti kudwala ndi tchimo. Amene aphunzitsa zotere asokeretsa anthu. Koma m'zipinda ziwirizi muli lamulo limodzi lofanana: wothandizayo angathe kugwira ntchito pa zokhazo zimene waululiridwa. Dokotala si wa maula. Mbali yaikulu ya kuzindikira nthenda ichokera pa mawu a wodwala, ndipo makina amangotsimikiza kapena kutsutsa zimene mawuwo aloza.

Nanga timabisa chiyani? Timabisa kuti tidayamba tapita kwa sing'anga ndi kuti m'nyumba muli botolo la mizu limene tikumwa m'mawa ndi madzulo. Tiopa kukalipidwa. Komatu zitsamba zina zimalemetsa chiwindi ndi impso, zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo dokotala wosadziwa za botololo adzafunafuna chifukwa kumene kulibe. Timabisa Bufeni ndi Indosidi amene takhala tikugula pa okala miyezi yambiri chifukwa cha msana, osadziwa kuti amenewo angathe kuboola zilonda m'mimba, kuononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Timabisa kachasu. Timati nthenda idayamba dzana pamene idayamba nthawi yokolola. Choopsa koposa, timati "ndikumwa bwinobwino" pamene mankhwala tidasiya, kapena tikugawana ndi mlamu. Dokotala akamva choncho, naona kuti manambala sakutsika, amaganiza kuti mankhwalawo ndi ofooka, naonjezera ena amphamvu. Bodza limene lidanenedwa pofuna kupewa manyazi a mphindi imodzi lasanduka mankhwala olakwika. Lamulo lachisanu ndi chitatu silipuma pa khomo la chipatala, ndipo pano wonamizidwa weniweni ndi thupi la wonamayo.

Ndiulule zanga. Chaka chathachi, atandipima, dokotala wina wachinyamata adandifunsa ngati ndimadya mchere wambiri. Ndidayankha ndi nkhope ya ku guwa kuti pang'ono chabe. Iye adandifunsa kuti ndimathira mchere ndisanalawe ndiwo kapena nditalawa. Ndidakhala chete, ndipo tonse awiri tidaseka. Adandiuza kuti mchere wokwanira munthu wamkulu pa tsiku lonse sufika magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'ndiwo, mu buledi ndi mu usipa wouma. Ine amene ndimaphunzitsa ana a Ukaristia woyamba za kunena zoona ndidagwidwa ndi funso limodzi.

Palinso bodza lina limene sitiliona ngati bodza chifukwa lavala ulemu. Tidaleredwa kuti wamkulu akalankhula, wamng'ono avomera. Ndipo munthu wovala gauni loyera timamuika pa mpando wa akulu ngakhale akhale msinkhu wa mwana wathu. Afunsa, "Mwamva, amayi?" Mayi ayankha, "Inde, adokotala," maso ali pansi. Atatuluka afunsa mlonda wa pa geti kuti pepalali likuti chiyani. Ulemu ndi chuma cha mtundu wathu, ndipo sindifuna kuti utayike. Koma "inde" wonenedwa ndi munthu amene sadamve ndi mawu onama, ndipo dokotala wabwino sakondwa nawo. Kunena kuti "Pepani adokotala, sindinamvetse, tabwerezaninso m'Chichewa" si chipongwe. Kufunsa dzina la nthenda yako, ntchito ya mankhwala amene wapatsidwa, masiku owamwera, zimene ungamve m'thupi ukawamwa, ndi tsiku lobweranso, ndi mbali ya udindo womwe uja wosamala moyo. Mmisiri wathu akadafunsa funso limodzi lokha, lakuti "Ndikamva bwino ndisiye?", akadauzidwa kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi sachiza monga a malungo, amangogwira nthendayo pansi tsiku ndi tsiku, ndipo ukawasiya imadzukanso mwakachetechete.

Popeza dokotala wa m'chipatala cha m'komboni amaona anthu ochuluka pa tsiku, ndipo aliyense alandira mphindi zowerengeka, wodwala wanzeru amakonzeratu mawu ake ali pa mzere, monga munthu wopita ku bwalo la amfumu. "Thupi lonse likuphwanya" ndi mawu oona, koma sathandiza kwambiri. Yambani ndi chimene chikukuopsani koposa, ngakhale chikhale cha kumalo obisika. Musachisunge mpaka dzanja lili pa chitseko. Nenani pamene chidayamba, ndipo ngati masiku simuwakumbukira, nenani kuti chidayamba Pasaka isanafike kapena ana atatsekera sukulu. Lozani ndi chala pamene pakuwawa. Tengani kabuku kanu kakale, osagula katsopano pofuna kubisa zimene zidalembedwa, ndipo mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa muwaike pa tebulo. Nkhalamba ndi odwala kwambiri apite ndi wina wogwira mawu. Koma wopita nayeyo akhale khutu lachiwiri chabe. Ndaonapo bambo akuyankha mafunso onse m'malo mwa mkazi wake, mayiyo ali duu, ndipo chimene adadzera sichidatchulidwe konse chifukwa sakadachinena pamaso pa mwamuna kapena apongozi.

Sikungakhale chilungamo kusenzetsa wodwala yekha mtolo wonse. M'parishi zathu muli madokotala ndi anamwino ambiri amene awerenga nyuzi ino, ndipo ndilankhula nawo ngati mbale. Kuyambira 1991, pamene sukulu ya udokotala idatsegulidwa kuno ku Blantyre, dziko lathu likuphunzitsa madokotala ake, ana a m'midzi yathu yomwe. Koma maphunziro onsewo ali m'Chingerezi, ndipo n'chapafupi kuti munthu aiwale kuti gogo wa ku Machinjiri sadziwa mawu amene iye adawaloweza. Kufotokoza nthenda m'chinenero cha wodwala ndi mbali ya mankhwala. Odwala amabisa chifukwa tsiku lina adanena zoona nakalipidwa pamaso pa anthu, kapena adamva nkhani yawo ikukambidwa pa khonde. Ndidaperekezapo mkhristu wina ku chipatala china kumene adafunsidwa za kumaliseche chitseko chili chotsegula, anthu a pa mzere akumva. Sadabwererenso, ndipo sindidamdzudzule. Chinsinsi cha wodwala ndi ngongole imene asing'anga adaivomera kuyambira nthawi ya Hippocrates, zaka ngati 400 Ambuye asanabadwe, ndipo a Medical Council of Malawi amaimba mlandu woiphwanya. Ndidziwa kutopa kwanu ndi kuchepa kwanu. Komabe mukafuna kuti anthu akuuzeni zoona za botolo la mizu, funsani monga munthu wofuna kudziwa, pakuti wofunsa ndi mkwiyo amalandira yankho limene wodwala aganiza kuti lidzathetsa mkwiyowo.

Kwa inu akatekisti ndi atsogoleri a malimana, amene mumalowa m'nyumba zimene dokotala sadzalowamo, ndili ndi pempho. Mukapita kukazonda wodwala, mutatha kupemphera, funsani ngati wapita ku chipatala, ngati adanena zonse, ndi ngati mankhwala akumwa. Musasanduke madokotala, musauze munthu kuti amwe chakuti kapena asiye chakuti. Koma mungathe kuperekeza wamantha, mungathe kulondera ana kuti mayi akapimitse, mungathe kukhala pa benchi la tomato m'mawa umodzi. Mungathe kuuza amuna a mu limana lanu kuti bambo woletsa mkazi wake kukapimitsa khomo la chiberekero, ati chifukwa cha nsanje kapena manyazi, aphwanya lonjezo limene adachita pa guwa. Ndipo zimene mwamva m'nyumba ya wodwala muzisiye momwemo.

Mayi wamasiye uja ndidamuyankha kuti kuchimwa kwakukulu kufuna kuti munthu adziwe bwino kukula kwa chimene akuchita, ndipo ine ndikhulupirira kuti mwamuna wake sadadziwe. Adayesa kuti wachira, ndipo sadaone chifukwa chotayira tsiku limene likadadyetsa ana ake. Kaya adafotokozeredwa mokwanira tsiku lija, kaya adavomera "inde" asanamve, ife sitinalipo. Ndidamuuzanso kuti mnansi wa malire uja amsiye mu mtendere, pakuti chimene chidapha mwamuna wake chidalembedwa m'kabukuko zaka 3 zisanachitike izi. Kenaka ndidamfunsa kuti iye mwini adapimitsa liti. Adati sadapimitsepo chibadwire mwana wake wotsiriza, amene tsopano ali mu Sitandade 6.

Adapita Lachiwiri lotsatira, iye ndi mwana wake wamwamuna woyamba, amene watenga shedi ya bambo ake. Pa khomo la chiberekero sadapeze kanthu. Manambala a mnyamatayo anali abwino. A mayiyo anali okwera, ndipo atapimidwanso patapita sabata adapezeka okwerabe. Tsopano amamwa kam'bulu kamodzi m'mawa uliwonse, ndipo kuti asaiwale adaika paketiyo m'kachitini momwe amasungamo kolona yake.